Kalata kwa achimwene ku Johannesburg: za puloti ndi ejenti

Mabvuku, Harare

Achimwene,

Uthenga wanu ndaulandira, ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo. Amayi akudandaulabe miyendo ija, koma akudzuka, ndipo ati ndikupatseni moni wambiri.

Nditamva zoti mwatsimikiza zomanga nyumba kuno ku Harare, mtima wanga unadzaza. Makolo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, n'kukalambira m'mafamu, m'migodi ndi m'tinyumba ta khonsolo. Anzathu achishona zikawavuta amakwera basi kupita kumudzi. Ife mudzi wathu ndi nyumba ya m'tauni yomweyi. N'chifukwa chake funso lanu loti mufune ejenti wogulitsa malo ndi nyumba kapena ayi sindikuliyankha mothamanga.

Maganizo anga ndi awa: pogula puloti, imene kuno timati sitandi, ejenti mum'fune. Pomanga penipenipo alibe ntchito, chifukwa ejenti si mmisiri.

Mukukumbukira chaka chija ndinasiya kuyankha mafoni anu? Sindinakuuzeni zonse. Ndinakumana ndi bambo wina wovala bwino, wa kaofesi kake m'tauni, amene ankadzitcha ejenti. Ananditengera ku malo ena kunja kwa mzinda mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, udzu utapsa, pansi pali gwaa. Anandilozera zikhomo zinayi zachitsulo zopaka utoto wofiira, nati apa ndi panu. Ndinapereka ndalama zoyambira m'manja, iye n'kundilembera lisiti la chidindo. Mu Januwale ndinabwererako ndi mayi a kunyumba kuti akaone. Tinavula nsapato tikadali kumsewu. Madzi anali m'akakolo, dothi lakuda la makande likumata kumapazi, achule akulira masanasana. Linali dambo, achimwene. Ndiye pakati pa zikhomo zanga zija panali mulu wa njerwa za munthu wina, amenenso anali ndi lisiti longa langa. Mayi a kunyumba sanayankhule kanthu mpaka tinafika pakhomo. Kaofesi kaja ndinakapeza kotseka, ndipo ndalama ija sindinaionenso.

Bambo uja sanali ejenti, anali dobadoba. Ejenti weniweni amalembetsedwa ku Estate Agents Council of Zimbabwe, amakhala ndi satifiketi yosonyeza zimenezo, ndipo ndalama za wogula amazisunga mu akaunti yapadera yotchedwa trust account, osati m'thumba mwake. Akakulakwirani muli ndi kokadandaula. Ine sindinafunse zonsezi, ndipo paja safunsa anadya phula. Si ine ndekha. Mu 2016 nyumba zinagwetsedwa ku Arlington, pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo mu Disembala 2020 zina zinagwetsedwa ku Budiriro mvula ili mkati, katundu wa anthu n'kumanyowa panja. Nkhani ya ogulitsa malo mwachinyengo inakula mpaka boma linakhazikitsa komiti yofufuza mu 2018, motsogozedwa ndi jaji Tendai Uchena.

Komabe ngakhale ejenti wolembetsedwayo musam'tenge ngati mbale wanu. Malipiro ake amachokera kwa wogulitsa, ndipo amawalandira pokhapokha malonda atatheka. Mtima wake uli poti mugule. Sindikunena kuti ndi wakuba ayi, koma sadzayamba yekha kukuuzani kuti msewu wopita kumeneko umaduka nthawi ya dzinja. Choncho mupezenso loya wanuwanu, wosankha inu, akafufuze ku Deeds Office, ofesi ya boma yosunga zikalata za malo, ngati dzina lili pa title deed, chikalata cha umwini wa malo, ndi la munthu amene akugulitsayo, komanso ngati malowo sanaikidwe chikole kubanki. Mapuloti ambiri otsika mtengo alibe title deed, amagulitsidwa mwa cession, kutanthauza kuti mukungolowa m'malo mwa munthu wina m'mabuku a khonsolo kapena a kampani yodula mapuloti. Zoterozo zimatheka, koma loya aone kaye chilolezo chodulira malowo ndi pepala la khonsolo lovomereza kuti misewu, madzi ndi suweji zinaikidwa. Akayamba kuzengereza ndi mapepala amenewa, bwezani ndalama zanu m'thumba.

Malo akapezeka, ejenti watha ntchito. Ena amalonjeza kuti akupezerani omanga, akuyang'anirani zonse inu muli ku Joni, mudzangolandira makiyi. Zimakoma kumva kwa munthu amene ali kutali, koma ine sindingakulimbikitseni. Pulani ajambule wodziwa ntchitoyo, ikavomerezedwe ku khonsolo ya kumaloko (kuno ku Harare ndi ku Cleveland House), ndipo oyendera a khonsolo azibwera kudzasaina pa gawo lililonse, kuyambira pokumba maziko mpaka padenga. Pepala la masainiwo mulisunge ngati chiphaso.

Chimene chimafunika kwambiri pomanga ndi maso. Pomwe ndinkamanga zipinda ziwiri za kuseri kuno, tsiku lina ndinakanda matope a pakati pa njerwa ndi kiyi wa geti, n'kuona akuyoyoka ngati ufa. Nditawerenga matumba opanda kanthu a simenti, sanafanane ndi amene ndinagula. Kuyambira pamenepo thumba lililonse linkatsegulidwa ine ndilipo, ndipo mmisiri ndinkamulipira gawo likatha, osati lisanayambe. Khoma lija tinaligumula n'kuyambanso.

Ndalama musatumize zonse pakamodzi. Zomangira zambiri kuno zimagulidwa ndi madola a ku America, ngakhale kuti ndalama ya dziko lino ya ZiG inabwera mu Epulo 2024, ndipo inu ndi ine tinaona mmene ndalama za anthu zinathera mphamvu m'mabanki mu 2008. Muzitumiza ya njerwa, tigule njerwa. Ya malata, tigule malata. Mafelemu a zitseko ndi mawindo ndikhoza kukawotcheretsa ku msika wa Siyaso ku Mbare, ndikudziwako anyamata a manja abwino. Muikenso padera ya thanki ndi mjigo, chifukwa kuno ku Mabvuku mipopi imatha nthawi yaitali ili youma, ndipo m'malo atsopano zimenezi si zachilendo.

Ine Loweruka lililonse ndimakhala womasuka. Ngati mungandikhulupirire, maso anu ndikhala ine, ndizikutumizirani zithunzi ndi malisiti pa WhatsApp, ndipo sindikufuna kanthu koma ya basi. Mundiuze mbali imene mtima wanu wakonda, kaya ku Ruwa, ku Norton kapena cha kuno kwathu, ndiyambe kufunsa maejenti awiri atatu olembetsedwa. Koma musalipire kalikonse mvula isanagwe. Ndikufuna ndikaponde pamalopo mu Januwale, ndione kumene madzi akulowera.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akufunsa ngati mubwere pa Khirisimasi.

Ndine mbale wanu,
wa ku Mabvuku