Moto wa udzu ufunika zikuni

Wokondedwa mwana wanga,

Uthenga wako wafika, wakuti pa mapemphero a usiku wonse aja Ambuye anakugwira mtima, unalira mpaka mbandakucha, ndipo mowa sukuufunanso. Ndakondwa, ndipo sindikukayikira. Kungoti moto wa udzu umalilima msanga n'kuzima msanga ngati palibe woikapo zikuni.

Tsegula Machitidwe 9. Anthu amakumbukira kuwala kwa panjira ya ku Damasiko, n'kuiwala kuti Saulo anakhala masiku 3 osaona, osadya, osamwa, mpaka Hananiya atabwera kudzamusanjika manja. Nawenso peza Hananiya wako: mkulu wa mpingo kapena mayi wokhwima m'chikhulupiriro, woti muzionana sabata iliyonse, amene sangaope kukudzudzula. Ukalembetse kalasi ya maphunziro a mpingo ngati aliyense. Akakuthamangitsira udindo chifukwa umboni wako ukukoma, kana; 1 Timoteo 3:6 akuletsa wotembenuka kumene kukhala woyang'anira, chifukwa kudzikuza kumalowera pomwepo.

Baibulo usaliyambire ku Chivumbulutso, ungadzisokoneze. Yamba ndi Marko, mitu yake ndi 16, mutu umodzi m'mawa uliwonse usanagwire foni.

Povuta ndi apa. Zakeyu, pa Luka 19, sanathere pa chimwemwe. Analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anam'dyera. Tenga pepala, lemba onse amene uli nawo ngongole ndi amene unawalakwira, uyambe ndi mkazi wako. Akapanda kukukhulupirira msanga usakwiye, pajatu malonjezo anawamvapo kale. Adzakhulupirira malipiro akamafika kunyumba athunthu, miyezi ingapo motsatizana.

Lachisanu madzulo ndi tsiku lolandira malipiro ndiye misampha yako. Nyumba yosesedwa koma yopanda mwini, mzimu woipa umabwerera ndi anzake 7, Mateyu 12 akutero. Nthawi imene unkakhala kumowa uidzaze ndi kwaya, mlaga kapena ntchito ya kudimba, ndipo usadzere njira ya kubala poti wayamba kulimba.

Ntchito usasiye. Mankhwala akuchipatala usataye, ngakhale wina anene kuti wachiritsidwa. Kayezetse kaye, adokotala atsimikize. Wokuuza kuti ugule madzi kapena mafuta kuti dalitso likhazikike, m'thawe.

Pakapita masabata angapo misozi ija idzauma, pemphero lidzayamba kulemera. Anthu ambiri amagwera apa poganiza kuti Mulungu wachoka. Tsiku limenelo usadzikhalire wekha, kagogode kwa Hananiya uja, kenako undiimbire.

Ndine,
Bambo ako