Lipoti la ulendo wa ku Blantyre: msonkhano wa aluso ndi asayansi

A wapampando ndi mamembala nonse, ndabwerako. Malisiti a minibasi ndi malo ogona ali kwa msungichuma, ndipo ndalama zanu sizinapite pachabe.

Zokamba zoyamba zinali za ndondomeko ndi kalembedwe ka mapulopozo, sindikutayirani nthawi. Chimene chinandigwira mtima ndi nkhono. Anatiikira mitundu iwiri m'mbale: Bulinus, yomwe imasunga likodzo lokodzetsa magazi, ndi Biomphalaria, yophwatalala ngati batani, ya likodzo la m'matumbo. Yachiwiriyi inapezeka m'magombe a kuno ku Mangochi mu 2017, koma ndani mwa ife anauzidwapo? Pa maikulosikopu ndinaona tizilombo totuluka m'nkhonomo, tamchira wa mphanda, tikuphiriphitha m'dontho la madzi. Ndi tomwe timaboola khungu la mwana akamasambira, kapena la mayi akamatsuka mbale pagombe. Atatipatsa mapensulo kuti tijambule, holo yonse inangoti zii, aliyense wawerama.

Anatifotokozeranso za waluso wina wa ku America, Heather Dewey-Hagborg, amene ankatola chingamu ndi zotsalira za ndudu m'misewu ya New York, n'kutengamo DNA (tinthu ta m'thupi tosiyanitsa munthu ndi mnzake), n'kuumba nkhope zoyerekeza za eniake. Mtsutso unabuka: chochoka m'thupi mwanga, mwiniwake ndani? Apa ndinaimirira. Ofufuza ena anabwera pasukulu ya ana athu, natenga mkodzo ndi chimbudzi m'timabotolo, ife tinasaina ndi chala. Mpaka lero zotsatira sitinazimve. Kenaka amadabwa anthu akayamba mphekesera za anamapopa!

Msonkhano unagwirizana kuti chionetsero cha zithunzi chikachitikire mumzinda wa Blantyre momwemo. Ine sindinavomereze. Msodzi wa ku Makawa kapena ku Chembe akwere galimoto kukaona nkhono ya pakhomo pake? Zithunzizi malo ake ndi padoko ndi pakhoma la sukulu, zazikulu, zolembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo sewero lathu lizitha ndi wofufuza akuyankha mafunso a makolo pamaso pa amfumu.

Koma tijambula ndi chiyani? Penti tinasonkhera chaka chatha ija sinaoneke, ndipo tikafunsa timangouzidwa kuti tidikire. Nkhani imeneyi ikhale yoyamba Loweruka, tisanakambe zolembera kalata komiti ya pagombe yopempha khoma.