Njira ya NIW kwa ochita kafukufuku wa zaumoyo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndifotokozeko za National Interest Waiver (NIW), njira yomwe ochita kafukufuku wa zaumoyo amapemphera chilolezo chokhazikika ku America popanda kuimiridwa ndi owalemba ntchito. Munthu amatumiza yekha fomu ya I-140 ku USCIS, ofesi ya boma la America yoona za olowa m'dziko, m'gulu la EB-2, la anthu ophunzira kwambiri kapena aluso lapadera. Njira imodzi yolowera m'gululi ndi kukhala ndi digiri ya masitazi kapena yoposerapo. Digiri yoyamba imakwanira ngati waonjezerapo zaka 5 akugwira ntchito yomweyo, udindo ukukwera.

Chigamulo cha 2016 pa apilo ya wopempha wina dzina lake Dhanasar chinaika mfundo zitatu zoyezera pempho la NIW: ntchitoyo ikhale yaphindu komanso yofunika kudziko lonse, mwiniwake akhale wotha kuipititsa patsogolo, ndiponso America ipindule posamufunsa kalata ya ntchito.

Ambiri amagwa pa mfundo yoyamba. Amalemba kuti kufufuza za khansa n'kofunika, zomwe palibe angatsutse, koma satchula chenicheni chomwe iwowo akukachita. Makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi awo okha nawonso salemera kwenikweni. Olemera ndi a akatswiri omwe sanagwirepo nawo ntchito koma anagwiritsa ntchito zomwe wopemphayo anapeza.

I-140 ikavomerezedwa, green card, yomwe ndi chilolezo chokhazikika chija, sibwera pompo. Pamafunika kudikira kuti tsiku lomwe munapereka pempho lifikiridwe pa Visa Bulletin, ndandanda ya mwezi ndi mwezi ya boma la America yosonyeza amene nthawi yawo yakwana.

Wowerenga wanu