Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a othamanga: za ufa wa amino acid ndi kufooka kwa ana athu pa mamita 400

A Wapampando, mamembala a komiti, makolo ndi aphunzitsi anzanga,

Ndikuthokoza pondituma ku msonkhano wa aphunzitsi a masewera othamanga umene unachitikira ku Lilongwe kwa masiku awiri. Munandipatsira funso limodzi: kodi kalabu igule zitini za ufa wa amino acid (tizidutswa timene timapanga mapuloteni) zimene makolo ena akhala akupempha, kuti ana athu asiye kufooka kumapeto kwa mamita 200 ndi 400? Ndabwerako ndi yankho lakuti tisagule. Vuto lalikulu lili pa kaphunzitsidwe kathu ndi pa mbale ya mwana.

Tsiku loyamba tinayamba ndi kutopa kwenikweniko. M'minofu muli kankhokwe ka mphamvu kotchedwa phosphocreatine, kamene munthu amatapamo akangonyamuka pa liwiro lonse. Kankhokweka n'kakang'ono, pakatha masekondi pafupifupi 10 kamakhala katatsika kwambiri. Kuchokera pamenepo thupi limawotcha shuga wosungidwa m'minofu mwachangu, osadikira mpweya wokwanira, ndipo asidi amayamba kuunjikana. Mwana uja timamuona pa mamita 300 mutu utapita kumbuyo, miyendo ikulemera ngati wamangirira njerwa, ali pamenepo. Si ulesi ayi. Ndivomerenso kulakwa kwanga: kwa zaka ndakhala ndikuuza ana kuti kuphwanya kwa miyendo m'mawa mwake ndi lactic acid. Si zoona. Lactic acid ameneyu, amene m'thupi amakhala ngati lactate, amakhala atachoka m'magazi pakatha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kuwawa kwa tsiku lotsatira kumachokera ku ting'alu ting'onoting'ono ta m'minofu, timene timapola ndi chakudya ndi tulo.

Kenako tinalowa pa nkhani ya kuthamanga mopumira, imene enafe timangoti ma interval. Njirayi anaikhazikitsa ku Germany m'zaka za m'ma 1930 mphunzitsi Woldemar Gerschler, amene anagwira ntchito ndi dokotala wa mtima Hans Reindell. Wothamanga wa Gerschler, Rudolf Harbig, anathamanga mamita 800 pa 1:46.6 mu 1939. Chimene Gerschler ndi Reindell ankayang'anitsitsa ndi nthawi yopuma: mtima ukwere kufika cha pa 180 pa mphindi, ndiye munthu asanyamukenso mpaka utatsika kufika cha pa 120.

Apa ndi pamene zinandikhudza kwambiri. Kuti kankhokwe kaja kadzazenso bwino pamafunika mphindi 3 mpaka 5. Ife pabwalo lathu timathamangitsa ana mamita 60 kakhumi, kupuma kwake n'kungoyenda kubwerera poyambira, mwina mphindi imodzi yosakwana. Ulendo wachitatu ukamafika mwana sakuthamanganso pa liwiro lake, akungolimbana ndi kutopa, ife n'kumaomba m'manja kuti ntchito yagwirika poona thukuta. Masana a tsikulo anatitengera pabwalo ndi mawotchi m'manja, ndipo ndinadzionera ndekha: amene ankapuma mokwanira nthawi yawo sinkasintha kwenikweni, amene ankapuma pang'ono ulendo uliwonse ankachedwerachedwera. Tsiku la liwiro liyenera kukhala lakelake, mitunda yaifupi, kupuma kwautali, ndi kusiya wotchi ikangoyamba kuonetsa kutsika. Tsiku lozoloweretsa thupi kupirira asidi, la mamita 150 kapena 300, likhalenso lakelake, maulendo ochepa, ndipo pakati pa masiku awiri olemerawa pazidutsa maola 48.

Za ufa tinazikamba tsiku lachiwiri, ndipo mkangano unalipo. Ma amino acid ndi tizidutswa timene timapanga mapuloteni. Alipo 20, mwa amenewa 9 thupi silingawapange lokha, timawapeza m'chakudya. Zitini zambiri zolembedwa BCAA zili ndi atatu okha, leucine, isoleucine ndi valine, ndipo onse atatu alimo kale mu dzira, mu usipa ndi mu soya. Munthu amene akudya zomanga thupi zokwanira ufawu sumuwonjezera liwiro. Mnzathu wina wophunzitsa onyamula zitsulo anatsutsa, akuti anyamata ake amamva kusintha. Sindikukayika kuti amamvadi, koma munthu amene walipira ndalama zambiri pa chitini amayambanso kudya bwino ndi kugona msanga, ndiye n'kovuta kudziwa chimene chamuthandiza.

Sikuti zonse n'zopanda ntchito. Chikalata chimene akatswiri a International Olympic Committee anatulutsa mu 2018 chinatchula zinthu zisanu zimene zili ndi umboni wooneka: caffeine, creatine, nitrate, sodium bicarbonate ndi beta-alanine. BCAA mulibe pamenepo. Beta-alanine ndi amino acid amene amachulukitsa carnosine m'minofu, ndipo carnosine ndi amene amachepetsa ukali wa asidi uja. Koma amafuna magalamu 4 mpaka 6 tsiku lililonse kwa milungu ingapo, amanyerenyetsa pakhungu, phindu lake n'laling'ono, ndipo limaoneka makamaka pa ntchito yotenga mphindi 1 mpaka 4. Wa mamita 800 angapindule pang'ono, wa mamita 100 alibe nazo gawo. Creatine, amene thupi limapanga kuchokera ku ma amino acid ena atatu, amathandiza pa liwiro lobwerezabwereza, ngakhale amawonjezera kilogalamu imodzi kapena awiri a madzi m'thupi. Zonsezi ndi za akuluakulu amene afika kale pamwamba, ali ndi wowayang'anira wa zaumoyo. Ana athu ambiri sanakwane zaka 18, ndipo otiphunzitsa ananenetsa kuti a msinkhu umenewu tisawapatse.

Chimene chinandiopsa ndi ichi, ndipo ndikupempha makolo amvetsetse. Mu 2004 akatswiri a ku Cologne anafalitsa zotsatira za kuyeza zinthu zoterezi 634 zogulidwa m'mayiko 13. Zokwana 94 zinali ndi mankhwala a gulu la steroid, okulitsa minofu ndi oletsedwa m'masewera, amene sanalembedwe pa chitini. Lamulo la World Anti-Doping Agency, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, likuti chilichonse chopezeka m'thupi la wothamanga ndi mlandu wake, kaya anadziwa kaya sanadziwe, ndipo chilango cha steroid chimatha kufika zaka zinayi. Tonse tinanyadira Asimenye Simwaka atafika ndime yomaliza ya mamita 400 pa Commonwealth Games ku Birmingham mu 2022. Mwana wathu akadzafika pamenepo adzayezedwa mkodzo, ndipo chitini chogula pa WhatsApp, chosadziwika kumene chinapangidwa, chikhoza kumuwonongera zaka zonse zimene wakhetsa thukuta.

Wothamanga amafuna magalamu 1.2 mpaka 2.0 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Mnyamata wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti akufuna magalamu pakati pa 72 ndi 120, ogawidwa pa chakudya cha tsiku lonse. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6. Nsima payokha siikwanitsa, chifukwa chimanga chili ndi ma amino acid a lysine ndi tryptophan ochepa, koma mukaphatikiza ndi nyemba, nandolo, soya kapena matemba, zosowazo zimadzazidwa. Pamsonkhanopo ankatchula kwambiri mkaka ndi yogati, ine ndinaimirira n'kunena kuti ana anga ena amabwera pabwalo molunjika kuchokera kusukulu, m'mimba mulibe kanthu kuyambira m'mawa. Mwana wotero mungamupatse ufa wamtundu uliwonse, pa mamita 300 adzafookabe. Anatikumbutsanso kuti mwana amene amatopa msanga nthawi zonse akayezedwe magazi ndi malungo tisanayambe kumukalipira.

Choncho ndikupempha komiti kuti ndalama imene tinaika padera ya zitini igule ufa wa phala la soya, mtedza, mazira ndi nthochi, ana azidya akangomaliza pa masiku olemera. Tigulenso mawotchi awiri, chifukwa imodzi imene tili nayo siikwanira magulu onse. Makolo amene anagula kale ufa, chonde bweretsani zitinizo tione limodzi zimene zalembedwapo mwana asanapitirize kumwa. Ndandanda yatsopano ya maphunziro ndaisiya kwa mlembi pamodzi ndi malisiti a ulendo, ndipo komiti ikavomereza tiyamba Lolemba likudzali ndi gulu la mamita 400.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa othamanga mitunda yaifupi