Kwa Tadala, za apongozi anga a m'mimba

Lamlungu madzulo, kuhositelo

Wokondedwa Tadala,

Kalata yako ndailandira. Amalume ako anakaisiya kunyumba pamodzi ndi kajumbo kaja, ndipo mayi abwera nazo dzulo. Kabokosi ka tiyi wa peppermint kafika kophwanyika mbali imodzi, ngati kuti wina anakakhalira kuchokera ku Park Station mpaka pa boda ya Mwanza, koma zam'kati zili bwino. Zikomo mwali. Chithunzi ndachionanso. Wanenepa, usakane. Ndipo jekete wavalayo ndi yanga ija unati ukungobwereka tsiku limodzi tili Fomu 2.

Wafunsa kuti apongozi ali bwanji. Iwowo ali bwino kwambiri, wovutika ndine. Dzina unawapatsa lija linakhazikika, moti Mphatso akaona ndagwira pamimba m'kalasi amandinong'oneza kuti, "Afika?" Mtsikana wa zaka 17, chibwenzi ndilibe, koma apongozi ndili nawo kale, okhala m'mimba mwanga osalipira lendi. Ndi amene amanena choti ndidye, nthawi yoti ndidzuke, ndi mpando woti ndikhale. Paja ndinasamuka kutsogolo kuja, pano ndimakhala pafupi ndi chitseko ngati mlonda.

Tsopano imva, chifukwa nkhani yasintha chichokereni iwe. Matendawa ali ndi dzina.

Ukukumbuka mmene zinayambira, mu January 2023, nthawi ya kolera ija boma linachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndinatsegula m'mimba sabata yathunthu, aliyense kunyumba n'kumandiyang'ana ngati maliro oyenda, mayi akundimwetsa Thanzi usiku wonse. Sinali kolera, ndinachira. Koma m'mimba simunabwererenso mwakale. Kuyambira pamenepo buku langa lakuchipatala ladzaza, tinachita kugula lachiwiri. Mankhwala a njoka za m'mimba ndamwa. Flagyl ndamwa kangapo mpaka mkamwa kumamveka ngati ndanyambita khasu. Ena anati ndi zilonda za m'mimba. Anandiyeza malungo, magazi, chimbudzi, ngakhale HIV, ndipo nthawi zonse yankho linali limodzi: palibe chimene tapeza. Ukudziwa mmene mawu amenewo amapwetekera? Munthu ukupotokola m'mimba mpaka thukuta, wina n'kukuuza akumwetulira kuti uli bwinobwino.

Pa holide ya Pasaka bambo anatolera ndalama tinapita kwa dokotala wina m'tauni. Mayi wodekha, anandifunsa mafunso pafupifupi theka la ola, ena ochititsa manyazi moti ndinapempha bambo atuluke. Kodi m'chimbudzi mumaoneka magazi? Ayi. Kodi ndikuwonda? Ayi. Kodi kutsegula m'mimbako kumandidzutsa pakati pa usiku, kapena thupi limatentha? Ayi. Kodi ululu umasintha ndikapita kuchimbudzi? Eya, umachepa. Kodi masiku ena ndimatsegula, ena n'kumangika osachita kanthu masiku atatu? Apo ndinatsala pang'ono kuwakumbatira. Anati dzina lake ndi IBS, ndipo m'Chichewa anangoti ndi matumbo osachedwa kukwiya. Akuti matumbowo alibe bala kapena chotupa, n'chifukwa chake makina saona kanthu, koma mitsempha yolumikiza ubongo ndi matumbo imamva zinthu mopitirira. Kampweya kamene iwe sungakamve n'komwe, kwa ine kamakhala ngati wina akufinya chovala chonyowa. Akuti anthu ena amawayamba akangochira matenda otsegula m'mimba, ngati ine, ndipo amagwira akazi kwambiri kuposa amuna. Sapha, sasanduka khansa, koma alibenso jakisoni woti ubaye lero mawa wachira. Ndinatuluka osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire. Apongozi sasamuka, Tadala. Tingophunzira kukhala nawo pakhomo.

Chomwe sindinakuuze pafoni, chifukwa mayi anali pafupi, ndi ichi. Teremu yatha mimba inatupa zedi, mwina unali mwezi wa soya pisi uja. M'mawa imakhala yabwinobwino, pofika madzulo siketi sitseka. Matroni anandiitana kuchipinda kwawo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kundifunsa kuti ndinapita liti kumwezi. Anandiyezetsa mimba, ine. Zotsatira zinatuluka mmene ukudziwira, koma nkhani inali itafika kale ku Fomu 1. Sabata ziwiri ndinkalowa m'dayiningi anthu n'kusiya kutafuna. Memory, amene ndinkamubwereka sopo, ndi amene ankawerengera anzake miyezi pa zala. Palibe amene anabwera kudzapepesa, ngakhale matroniwo. Usiku umenewo ndinalira m'bulangete, ndipo ndinakukwiyira iweyo chifukwa chopita ku Joni. Ukanakhalapo ukanaima pa benchi n'kuwatukwana onse, tikanakalima limodzi chibalo.

Basi, izo zinapita.

Kumudzi nako aliyense ndi dokotala. Azakhali a ku Ntcheu akuti ndinadyetsedwa, ndipo akudziwa m'busa wina amene amasanzitsa zoterezi. Agogo anatumiza makungwa m'botolo la Sobo, owawa moti ngakhale apongoziwo anadabwa n'kukhala chete tsiku limodzi. Achimwene akuti ndi ulesi, ndimadwala Lolemba lokhalokha. Chowawa n'choti akunena zoona pang'ono. Tsiku la mayeso a masamu ndiye m'mimba mumavuta kwambiri, ndipo dokotala uja anati nkhawa imawadzutsadi matendawa. Koma ukangouza munthu zimenezo amati, "Ndiye kuti zili m'mutu mwako." Ndimafuna kumuyankha kuti tiye ukaone kuchimbudzi ngati zili m'mutu.

Za chakudya ndiye usaseke. Anandiuza kuti ndizilemba chilichonse chimene ndadya ndi mmene m'mimba mwachitira. Ndili ndi kope lapadera, pachikuto ndinalemba kuti Agriculture kuti anthu asalitsegule. Pali ndondomeko ina imene anaikonza ku Monash University ku Australia, amaitcha FODMAP. Ndi mitundu ya shuga imene matumbo sayamwa bwino, ndiye imakafika m'matumbo aakulu, tizilombo ta mmenemo n'kuifufumitsa ngati thobwa logona, mpweya n'kudzaza. Umasiya zakudya zoterozo kwa sabata ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, kenako n'kumabwezera chimodzichimodzi kuti ugwire mfiti yeniyeni. Ndiye tamvera mndandanda wake: nyemba, anyezi, adyo, mkaka, buledi ndi zonse za ufa wa tirigu, mango, maapozi. Ndinawafunsa adokotala kuti, kodi anthu a ku Australia amenewa anafikako ku sukulu yogonera konko? Kuno Lolemba nyemba, Lachiwiri nyemba, Lachitatu soya pisi, Lachinayi nyemba za Lolemba zija zitabadwanso mwatsopano. Chokhacho chimene ndingadye mopanda mantha m'mbale imeneyo ndi anankafumbwe.

Mwayi wake nsima ilibe mlandu. Mpunga, mazira, usipa, mbatatesi, chiponde, papaya, malalanje, zonsezo apongozi amalandira ndi manja awiri. Mayi anakalankhula ndi a kukhitchini, ndipo bambo wamkulu uja wa chipewa chofiira amandipatulira masamba asanathire anyezi, akakumbukira. Akaiwala ndimadya nsima ndi chiponde. Mandasi a pa geti ndinasiya, chipisi cha pachiwaya chamafuta chija ndinasiya, tiyi wa mkaka ndinasiya. Mango okha ndiwo ndakana. December ikadzafika tidzakambirana, ngati ndi kufa ndidzafera pansi pa mtengo wa kwa agogo. Kope lija landiphunzitsanso kuti ndikamayandikira kumwezi zinthu zimaipiratu, ndiye masiku amenewo ndimayenda ndi Buscopan m'thumba la siketi ndipo usiku ndimagona ndi botolo la madzi otentha pamimba. Kuyenda kumathandizanso. Ndimazungulira bwalo la mpira kawiri tisanalowe pulepu, anyamata a Fomu 3 akuganiza kuti ndikufuna wina wa iwo.

Koma Tadala, chimene chikundisowetsa tulo si ululu ayi. Ndi phokoso.

MSCE yatsala sabata zochepa. Taganiza holo ija, anthu mahandiredi, zii, kumangomveka mapepala ndi nsapato za oyang'anira mayeso. Ndiye apongozi ayambe nyimbo. Suwadziwa mmene akuimbira masiku ano, anakwezedwa udindo. Kale ankangong'ung'udza, pano amayamba pansipansi ngati njinga yamoto ya kabaza ikukwera chitunda, kenako n'kumaliza ndi kafunso kumapeto, ngati akufuna yankho. Pa mayeso oyeserera a Biology anaimba mpaka mnyamata wa kutsogolo kwanga anatembenuka kuyang'ana pawindo, kuyesa kukubwera mvula. Funso lomwe ndinali kuyankha linali la mmene chakudya chimayendera m'matumbo. Ndinatsokomola kuti ndibise, koma ndinachedwa, chifuwa chinabwera nyimbo itatha. Mphatso anaseka mpaka anamulanda pepala kwa mphindi zisanu.

Ndiye usiku ndimagona n'kumawerengera. Ndikapanda kudya m'mawa, m'mimba mulira chifukwa cha njala. Ndikadya, mulira chifukwa ndadya. Ndikapempha kutuluka, andiperekeza mpaka pakhomo la chimbudzi, mayi wachilendo ataima panja kumvetsera zonse, ndipo chitseko chachiwiri chija mpaka lero chilibe loko, umachita kuchigwira ndi phazi. Ndikatuluka kawiri aziti ndabisa likasa m'chimbudzi. Akandiganizira zimenezo andilembe, a MANEB andiletse mayeso onse, ndibwerere kumudzi, azakhali anditengere kwa m'busa wawo, ndikwatiwe ndi wogulitsa makala, ndipeze apongozi enieni, ndikhale ndi awiri. Ukuona pamene ndimafika ikamakwana 2 koloko usiku? Zonsezi chifukwa cha nyemba.

Aphunzitsi a Chichewa, amene ndinkawaopa aja, ndi amene andithandiza. Ndinawauza zonse tsiku lina atandipeza ndakhala pa masitepe nthawi ya asembule. Sanaseke. Anati ndibweretse kalata ya dokotala isanafike nthawi, akaipereke kwa ahedi kuti oyang'anira adzadziwiretu, ndipo adzayesetsa kuti ndidzakhale mzere wa kukhomo. Anandiphunzitsanso kupuma pang'onopang'ono, kukoka mpweya mpaka mimba ikwere, kuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa mosathamanga. Ndinkayesa zachibwana koma zimagwirako, makamaka m'mawa mtima ukamathamanga. Kenako anandiuza motsitsa mawu kuti iwonso sadya nyemba chiyambire ku koleji. Tangoganiza, mayi aja.

Zina ndi zina: chinkhoswe cha achimwene chinachitika, kunali anthu ambiri, ine ndinadya mpunga wopanda supu n'kukhala pafupi ndi chimbudzi cha tchalitchi. Bambo akuwasamutsira ku Mzuzu mwina mu August. Agogo aamuna anagonekedwa m'chipatala sabata imodzi koma atuluka. Chisomo anasiya sukulu, nkhani yake ndi yaitali, ndipo ndi iyeyo amene matroni akanayenera kumuyeza. Chidebe changa chobiriwira chabedwanso.

Undiyankhe izi. Kodi kumeneko ku Clicks kapena ku Dis-Chem amagulitsa makapisozi a mafuta a peppermint? Dokotala anati amathandiza kupotokola kuposa tiyi, koma kuno sindinawapeze. Undiuze mtengo wake kaye, usagule, ndikudziwa kuti mayi ako akuvutika ndi lendi. Ndipo usauze amalume ako kuti ndi a chiyani, pakamwa pawo paja mpoposa wailesi.

Nthawi zina ndimaganiza kuti ukanakhala pa desiki ya kumbali kwanga m'holo muja, apongozi akayamba iwe ukanagwetsa dala bokosi la masamu pansi ngati mmene unachitira pa JCE, anthu onse n'kuyang'ana iwe. Sindinakuthokozepo pa zimene zija. Ndinkachita manyazi ngakhale ndi iwe amene.

Pepala landithera, ili ndang'amba m'kope la Agriculture lenileni, ndipo magetsi azima, ndikulemba ndi tochi ya Mphatso amene akudandaula za mabatire. Ndimafuna ndikuuze za mnyamata wa kwaya uja, amene anandipatsa apozi Lachisanu, apozi Tadala, pa zipatso zonse za m'dziko muno, ndipo ine chitsiru ndinadya pamaso pake chifukwa

iii dikira, afika.

Ndine,
Wako uja wa pafupi ndi chitseko