Tisapeputse Ntchito Yozindikira Tiagulugufe Tausiku

Mkonzi,

Ndikupempha kadanga m'nyuzipepala yanu kuti ndiikire kumbuyo ntchito imene ambiri amaiyesa yotayitsa nthawi, yofufuza ndi kufotokoza mitundu ya tizilombo imene sinalembedwepo.

Mu Januwale 2017, katswiri wina wa ku Canada, Vazrick Nazari, adalengeza m'magazini ya sayansi ya ZooKeys za kagulugufe kausiku kopezeka kummwera kwa California, m'dziko la America, ndi ku Baja California, m'dziko la Mexico. Mapiko ake akatambasuka sapitirira mamilimita 12. Adakatcha Neopalpa donaldtrumpi chifukwa timamba toyera mwachikasu tophimba mutu wake timafanana ndi tsitsi la Donald Trump, ndipo anthu ambiri adangotengeka ndi dzinalo.

Chondikhudza ine ndi mmene adakazindikirira. Adakapeza pakati pa tizilombo touma tosungidwa kunkhokwe ya tizilombo ya Bohart Museum of Entomology, mumzinda wa Davis ku California, ndipo ataona kuti tina sitikufanana ndi kagulugufe kapachibale kodziwika kale, Neopalpa neonata, adasanthula mawanga a pamapiko, adaunika ziwalo zoberekera pamakina okulitsa zinthu, nayezanso DNA, asanatsimikize kuti ndi mtundu wapadera.

Kagulugufeka n'kapachibale ndi Tuta absoluta, wochokera ku South America, amene mbozi zake zimaboola masamba ndi zipatso za tomato m'madimba mwathu. Pamaso, tiagulugufe totere timafanana kwambiri, moti mlangizi wa zaulimi amadalira akatswiri otere kuti adziwe mdani weniweni. Ndikupempha sukulu zathu zaukachenjede kuti zisamale nkhokwe zosungiramo tizilombo, komanso ziphunzitse achinyamata luso limeneli.

Wowerenga wanu,
ku Ntcheu