Mapazi a m'filimu amajambulidwa paokha

Akonzi,

Tiloleni tinenepo za mafilimu athu. Zithunzi zikuoneka bwino masiku ano, koma khutu likumanidwa: munthu akuyenda pamiyala mapazi osamveka, chitseko chikutsekedwa popanda ndi "gwa" yemwe. Mankhwala a vutoli, omwe ndi kujambula phokoso la mapazi, zitseko ndi zina paokha motsatira zithunzi, anapezeka kalekale ku America, ndipo salira ndalama zambiri.

Amene anatchuka nayo ntchitoyi ndi Jack Foley, wobadwira ku New York mu 1891. Analowa za mafilimu ku California mafilimuwo adakali osalankhula. Ankalowa m'malo mwa osewera pa zochitika zoopsa, kenako n'kumalemba nkhani ndi kutsogolera kajambulidwe. Kampani ya Warner Bros. itatulutsa filimu yolankhula mu 1927, kampani ya Universal inapezeka ili ndi filimu ya Show Boat m'manja, yojambulidwa yopanda mawu. Asanaitulutse mu 1929, anaionetsa pachinsalu, oimba n'kumaimba, Foley ndi anzake n'kumaomba m'manja ndi kuponda pansi motsatira zithunzi. Nthawi imeneyo chigawo cha mphindi pafupifupi 10 ankachijambula ulendo umodzi. Ukaphonya phazi limodzi, nonse muyambirenso.

Luso lake linali la usewero. Ankayang'ana kayendedwe ka wosewera n'kuyenda ngati iyeyo, ndodo m'manja yowonjezera mapazi a munthu wina. Mufilimu ya Spartacus ya 1960, kulira kwa zida za asilikali a Roma kunatuluka mumpukutu wa makiyi.

Kwa ofuna kuyesa: ntchitoyi imayamba filimu itadulidwa kale n'kumalizidwa, chifukwa mukasuntha chithunzi pambuyo pake mapazi onse amasemphana nacho. Pezani chipinda chosabweza mawu. Tsamiritsani matiresi kumakoma, pachikani mabulangete, zimitsani fani ndi firiji. Pansi ikani mabokosi atatu osaya, mita imodzi mbali zonse: la mchenga, la kwale ndi la dothi louma, simenti yapansiyo ndi malo achinayi. Bokosi likhale logona ndithu pasimenti, chifukwa likasiya mpata kunsi limalira ngati ng'oma. Maikolofoni italikire pafupifupi mita imodzi. Ikayandikira kwambiri, mapazi a mwana amamveka olemera kuposa a bambo ake. Jambulani pa 48 kHz, muyeso wa mawu a kanema.

Chigawo chilichonse chijambulidwe katatu: mapazi paokha, kukhulana kwa zovala pakokha, kenako zogwiragwira monga makapu, makiyi ndi zitseko. Mukaphatikiza zonse, simungatsitse chimodzi osatsitsa chinzake. Woponda, munthu wopanga phokoso la mapaziwo, amayenda pamalo amodzi, chidendene choyamba zala pambuyo, maso ali pamapewa a wosewera. Wodikira kuona phazi litatera amachedwa nthawi zonse. Filimu imayenda zithunzi 24 kapena 25 pasekondi, ndipo phazi likachedwa ndi zithunzi zitatu zokha woonera amazindikira kuti china chalakwika. Woponda avale kabudula ndi malaya ofewa, asiye wotchi ndi ndalama zachitsulo kunja.

Chinthu chenicheni sichilira bwino nthawi zonse pamaikolofoni. Moto wothetheka umatuluka bwino mukapepala ka pulasitiki kokulungira masiwiti, mukakafinya pang'onopang'ono. Fupa lothyoka ndi karoti, nkhonya ndi kumenya kabichi, mapiko a mbalame ndi magolovesi achikopa. Koma musaonjeze: ambiri ongoyamba amakweza phazi lililonse mpaka kuphimba zolankhula.

Foley anamwalira mu 1967 atagwira ntchitoyi zaka zoposa 30, dzina lake osalembedwa pamafilimu amene anawapatsa mapazi. Ife tisatengere zimenezo. Anthu a khutu lotere tili nawo kale pakati pa opanga masewero a pawailesi. Tikupempha opanga mafilimu kuti polemba bajeti aziikamo masiku a ntchitoyi, ndipo woponda azilembedwa dzina pamodzi ndi wojambula zithunzi.

Ife ojambula mawu,
Blantyre